Kabawuti Komwe Sindinalembe pa Khadi

Njinga yamoto ija inali yanga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa aliyense pabanja pathu akamakamba nkhaniyi amayambira pa mng'ono wanga Hedda, ngati kuti njingayo inachita kugwa kuchokera kumwamba n'kutera m'manja mwake.

Ndinaigula ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi kwa bambo wina wa ku Trier amene ankaiopa. Yachikasu, ya masilinda anayi, yopangidwira liwiro basi. Ukakwera umachita kugonera thanki, mawondo atapindika ngati chule. Ndinkaitcha Mavu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinayenda nayo m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri muno mu Eifel, ndipo amuna a m'mudzi uno ankangoona nyali yanga yakumbuyo. Kenako ndinakhala ndi pakati pa Ilka. Jekete yachikopa inakana kutsekeka, amayi anayamba kulira pafoni, ndipo tsiku lina Mavu anapita pa kangolo ka mlendo. Palibe anandikakamiza. Ndinagulitsa ndekha, ndipo pamalo pake m'galaja panabwera firiji yaikulu youmitsira nyama.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi, kumapeto kwa Okutobala, mng'ono wanga Hedda anatulukira Loweruka masana akukoka kangolo kobwereka. Hedda amakhala ku Koblenz m'nyumba zosanja zija. Alibe mwana, alibe mwamuna, Lamlungu amadzuka nthawi imene thupi lafuna. Laisensi ya njinga anali atangoitenga chaka chomwecho.

"Frauke! Tatuluka udzaone amene ndabwera naye!"

Ndinatuluka ndi Nele m'chiuno, wamng'ono wa zaka zitatu uja, atangondipaka yogati m'khosi. Ndisanafike n'komwe pakangolopo ndinaona kadzenje pathanki, mbali ya kumanzere, pamene makwerero a bambo anagwera chaka chomwe ndinaigula. Anali Mavu.

"Ndi yomweyo!" Hedda ankadumpha ngati mwana. "Ndinaipeza pa intaneti. Yadutsa m'manja mwa anthu atatu, koma injini ili bwinobwino. Ndaiyesa ola lathunthu."

"Wandigulira ine?" Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndinafunsadi.

"Aaa, ayi iwe. Ndi yanga." Anaseka. "Koma izikhala kuno, kwathu kulibe galaja. Uziiona tsiku lililonse. Si zabwino zimenezo?"

"Ine ndi njinga tinasiyana kalekale," ndinatero. "Ndilibe nayo ntchito, ndipo sindiikhudza. Chachikulu ndizitha kufika pafiriji."

Ndinanena zimenezo mokweza, pamaso pa Hedda, pamaso pa mwamuna wanga Ansgar, ndi pamaso pa bambo Jupp oyandikana nafe, amene moyo wawo wonse wa penshoni amauthera atatsamira mpanda.

Ansgar amagwira ntchito ya makompyuta kuofesi m'tauni. Zaka zonse zomwe njingayo inali yanga anakwera kumbuyo kamodzi kokha, ndipo titafika ku Daun anatsika n'kubwerera pabasi. Koma tsiku limenelo anazungulira kangolo katatu, manja m'thumba, akugwedeza mutu ngati makaniko.

"Tiigwirira ntchito imeneyi, alamu," anauza Hedda. "Nyengo yozizira ndi yaitali."

Ine ndinabwerera m'nyumba kukachotsa yogati m'khosi.

Nambala yake inali ya nyengo, ija yolembedwa 04 pamwamba ndi 10 pansi. Novembala akangolowa njinga siiponda msewu mpaka pa 1 Epulo. Choncho sabata yotsatira awiriwo anaigoneka monga mmene malemu bambo athu ankachitira. Kuitsuka, kudzaza thanki, kuchotsa batire, kuikweza kuti matayala asakhudze simenti, kenako kutseka paliponse polowera chinyezi ndi mbewa. Bambo anali ndi lamulo limodzi. Chilichonse chomwe watseka uchimangirire ulusi wofiira, ndipo uchilembe pakhadi lopachika pa handulo, kuti Malichi akamatha uziwerenga khadilo n'kumachotsa chimodzichimodzi. Ine anandiphunzitsa ndi manja. Hedda anali wamng'ono, ankangoonera atakhala pa ndowa akudya chokoleti.

Lolemba m'mawa, ana nditawasiya wina kusukulu wina kumkaka, ndinalowa m'galaja kukatenga nkhuku m'firiji. Sindinafune kuvundukula chinsalu chomwe anaifunditsa. Ndinavundukula. Pakhadi panali zinthu zitatu, zolembedwa ndi dzanja la Hedda: nsanza mu ekizozi, nsanza polowera mpweya wa injini, batire pashelefu. Chachinayi panalibe.

Thanki ya njinga imapuma. Petulo akamatsika, mpweya umalowa kudzera m'kapayipi kamene kamachokera pathanki n'kukathera pansi, kuseri kwa pulasitiki, pafupi ndi tayala lakumbuyo. M'nyengo yozizira kapayipi komweko kamalowetsa chinyezi, thanki n'kuchita dzimbiri mkati. Bambo ankakatseka ndi kabawuti. Ena amati n'zosafunika. Kwathu tinkatseka.

Ndinagwada. Manja anadziwa okha pomwe kali. Ndinatenga kabawuti m'botolo la jamu lija losungiramo misomali, n'kukalowetsa kuti gwa. Kenako ndinakhala pamenepo kanthawi, chikhatho chili pakadzenje kaja, nkhuku ikusungunuka pasimenti.

Pensulo inali ikulendewera pakhadi pomwepo. Ndinaigwira ndithu. Koma Hedda amalidziwa dzanja langa, ndipo ine ndinali nditalumbira pamaso pa anthu atatu kuti sindiikhudza. Ndinkamumva kale akuseka: "Akulu akumabwera kudzaisisita mobisa!" Ndinasiya pensulo. Ulusinso sindinamange. Ndinati ndidzachotsa ndekha Malichi, palibe adzadziwe.

Nyengo yozizira yonse, Loweruka lililonse, Hedda ankabwera. Awiriwo ankadzitsekera m'galaja ndi kahita ndi wailesi, ine ndili m'nyumba ndi ana awiri a chimfine. Anachotsa ekizozi yomwe ndinasankha ndekha n'kuikapo yaifupi yaphokoso. Anatsitsa chishalo chifukwa Hedda ndi wamfupi. Pomaliza anakuta chikasu chonse ndi pulasitiki wakuda womata, kadzenje kaja n'kukabisa ndi chithunzi cha mphenzi.

Ndisanamizire munthu. Pakati pa Ansgar ndi Hedda panalibe kanthu. Ansgar sangathe n'kubisa komwe mphatso ya Khirisimasi. Chimene chinkandiwawa n'kuseka kuja kodutsa khoma. Mwamuna amene shelefu ya kubafa yamutengera zaka ziwiri osaikhoma ankagona chagada pasimenti yozizira maola anayi, akuimba mluzu.

Tsiku lina ndinawapititsira khofi ndi keke ya maapozi.

"Unyolo mwaumanga kwambiri," ndinatero. Zinangotuluka.

"Pavidiyo akuti chonchi," anatero Ansgar osatembenuka.

"Hedda akakhalapo uthina. Siyani mpata wa zala ziwiri."

"Imvani akatswiri akale!" anatero Hedda, pakamwa padzadza keke. "Frauke, nthawi yako ija njinga zinkayendera makala, eti?"

Anaseka onse awiri. Pambuyo pake ndinaona kuti unyolo anaumasula ndithu, mpata wa zala ziwiri ndendende. Zikomo sindinamve.

Amayi mpaka lero amauza anzawo kuti kabawuti kaja ndinakaiwala. Sindinaiwale. Loweruka lomaliza la Malichi ndinali pakhomo la galaja ndi dengu la zochapa, Hedda akuwerenga khadi mokweza ngati wansembe, Ansgar akuchotsa zomangidwa ulusi wofiira. Choyamba. Chachiwiri. Chachitatu.

"Zatha!" anatero Hedda.

Ndinatsegula pakamwa, Mulungu ndi mboni.

"Tasuntha pang'ono, Frauke, ukutchinga kuwala," anatero Ansgar.

Ndinasuntha. Pakamwa ndinatseka. Anailiza, ndipo inalira bwino, chifukwa njinga ikamalira itaima petulo imamwa pang'ono. Anawombana m'manja.

Pa 1 Epulo panali Loweruka. Hedda anafika atavala zachikopa zatsopano zoyera mbee, zothina pathupi lomwe silinabereke. Ndinaimva njinga ikukwera chitunda cha kumanda, giya yachiwiri, yachitatu, ine ndili pansi pa tebulo kukolopa mkaka. Patatha mphindi makumi awiri foni ya Ansgar inalira.

"Yazima yokha," anatero atadula. "Akuti inatsamwa kawiri n'kungoti zii, pamsewu wa ku Kelberg."

Ndinadziwa pomwepo. Thanki yosapuma imagwira petulo ngati botolo lomwe walitseka ndi chala. Pampu imakoka, imakoka, mpaka kulephera. Ikaima theka la ola, mpweya umalowa pang'onopang'ono m'mbali mwa chitsekero, ndipo imaliranso ngati palibe chachitika. Ndi mmene zinakhalira. Ansgar anakaitenga pakangolo, ndipo itafika pakhomo anangodina kamodzi, n'kudzuka.

"Mwina inangozizidwa," anatero Hedda.

Masabata anayi zinali zomwezo. Amakaniko onse a m'dera lino anali odzaza mpaka kumapeto kwa Meyi, monga zimakhalira Epulo aliyense. Ansgar analumikiza kompyuta yake kunjinga, kompyuta n'kunena kuti palibe cholakwika. Anagula mapulagi atsopano. Anagula batire. Anabwezeretsa ekizozi yanga yakale. Kenako anasintha pampu ya petulo, ndipo pokweza thanki kapayipi kaja anakazula kumtunda n'kukabwezera pomwepo, osakatsatira kuti kakuthera kuti. Ndinali ndikuyanika zovala pafupi. Ndinamuona atakagwira m'manja.

"Ndi makompyuta amenewo," ankatero bambo Jupp pampanda. "Nthawi yathu njinga ikazima unkangoimenya ndi sipanala, n'kudzuka."

"Bambo Jupp, yanu ija inkapitiriridwa ndi ana a sukulu oyenda pansi," ankayankha Hedda. Koma sabata yachitatu sankayankhanso.

Ndikuuzeni chimene ndinkafuna. Sindinkafuna kuti Hedda avulale. Sindinkaganizako n'komwe, ndipo umenewo ndiye uchitsiru wanga waukulu. Ndinkafuna atope. Hedda amatopa ndi chilichonse: gitala, kuphunzira Chisipanishi, chibwenzi cha dokotala wa mano chija. Ndinkadikira tsiku loti aponye makiyi patebulo n'kunena kuti, "Tenga chinthu chako chofoirachi." Ndikanadikira sabata imodzi kuti zisaonekere, kenako n'kugwada, n'kuchotsa kabawuti.

Koma iye anali atalimbikira. Ankathamangira Lamlungu lomaliza la Epulo, tsiku lomwe wansembe amadalitsa njinga pabwalo la tchalitchi, kenako onse, mazana awiri kapena kuposa, n'kuyenda pamdipiti kuzungulira mapiri. Ine ndinayendapo kasanu ndi kamodzi, mzere wakutsogolo.

Lachinayi la sabata yomalizayo Hedda anabwera ataweruka kudzayesa pampu yatsopano ija. Anabweranso pakangolo. Ulendo uno sanapite kugalaja. Analowa m'khitchini n'kukhala pampando osavula magolovesi.

"Inazima pakona ya kumiyala ija," anatero Ansgar. "Kumbuyo kwake kunali lole ya mitengo."

"Mabuleki ake ndinawamva m'mano," anatero Hedda, akuyang'ana tebulo. "Dalaivala anatsika akulira, Frauke. Bambo wamkulu, wandevu, akulira ngati mwana."

Ndinali ndikusenda mbatata. Mpeni unapitiriza kusenda wokha.

"Basi, zakwana," anatero. "Ndaimbira bambo Kessel a ku Mayen, aja ogula njinga n'kumaziphwasula. Abwera Loweruka teni koloko. Akuti injini payokha, matayala paokha, mabuleki paokha, zonse zili ndi ozifuna."

"Kuiphwasula?"

"Nanga ndigulitse kwa munthu kuti akafere?"

"Ndipatse ine."

Anadzutsa mutu. "Iwe? Mayi wa ana awiri? Njinga yozima pakona? Ilka ndingadzamuuze chiyani? Ndiponso unati ulibe nayo ntchito."

"Ndinatero."

"Ndiye basi."

Lachisanu lonse kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndinkatembenuza anthu pabedi mutu uli m'galaja. Kuchotsa kabawuti mobisa kunali kosavuta, mphindi imodzi. Koma kukanathandiza chiyani? Hedda sakanakweranso njinga yomwe sakudziwa chimene chinkaizimitsa, ndipo bambo Kessel akanabwerabe ndi masipanala awo. Kunamizira mwini wakale sikukanatheka, poti Hedda anaiyesa ola lathunthu tsiku logula. Kuti Mavu atsale wathunthu, Hedda anayenera kukaona kabawutiko ndi maso ake, ndi kumva amene anakaika. Ndinafunafuna njira ina mpaka ndinapatsa mayi wina tiyi wa mnzake. Panalibe.

Bambo Kessel anafika teni koloko isanakwane ndi galimoto yoyera yaikulu, munthu wonenepa wa zikhadabo zakuda ndi oyilo. Anazungulira njinga akuigogoda ndi chala ngati akusankha vwende pamsika. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi epuloni, Nele atandigwira mwendo.

"Mwati imazima pakatha mphindi makumi awiri, ikapuma n'kuliranso?"

"Eya," anatero Hedda, atavala zachikopa zoyera zija ngati wobwera kudzaitsanzika.

"Hmm. Zamagetsi zimenezo, mayi. Zovuta kwambiri. Mwachita bwino kuimba."

Akunena zimenezo, maso awo anatsika kamodzi kokha kuseri kwa pulasitiki, pafupi ndi tayala lakumbuyo, n'kubwerera msanga. Ankadziwa. Pabwalo ponsepo odziwa tinalipo awiri, ndipo tonse tinali chete pa chifukwa chimodzi. Ndinayang'ana kamwetulira kawo.

Anayamba kutsitsa thabwa lokwezera njinga m'galimoto.

"Imani kaye," ndinatero.

"Frauke, usayambe," anatero Ansgar.

"Gwira mwanayu."

Ndinatenga pulayala pakhoma, ndinagwada ndi epuloni yomweyo, n'kupisa dzanja kuseri kwa pulasitiki. Kabawuti kanali katagwira. Ndinakapotokola kawiri ndipo kanatuluka. Ndinakaika m'chikhatho cha Hedda.

"N'chiyani ichi?"

Bambo Kessel anaseka mpaka kutsokomola. "Thanki yosapuma, mayi. Injini yanu ilibe vuto lililonse."

"Ndiye munkadziwa?" anatero Ansgar.

"Ine ndimagula njinga, bambo. Sindikonza."

Ansgar anakanda mutu. "Koma pakhadi panalibe. Ayenera kuti ndi amene anakugulitsa uja, alamu."

Hedda ankakatembenuza kabawutiko ndi chala, maso ali pa ine.

"Ndinaika ndine," ndinatero. "Novembala. Munaiwala kapayipi ka thanki, ndiye ndinatseka monga bambo ankachitira."

"Osalemba pakhadi."

"Osalemba."

"Ndiye unaiwala." Ankanditsegulira njira, ndinamva m'mawu ake.

"Sindinaiwale."

Bambo Jupp pampanda paja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito m'nyumba.

"Unadziwa liti kuti ndi chimenechi?"

"Tsiku loyamba."

"Masabata anayi, Frauke. Unkatibweretsera khofi." Ankalankhula motsitsa. "Lole ija..."

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa! Sunalipo! Iwe unali kusenda mbatata!" Tsopano ankakuwa, mpaka galu wa kutsidya anayamba kuuwa. "Ndakulakwira chiyani ine? Tanena! Ndakulakwira chiyani?"

"Unaibweretsa pakhomo panga," ndinatero. "Unati ndiziiona tsiku lililonse. Ndinkaiona."

Ansgar ankayang'ana simenti. Nele anafunsa ngati amayi aang'ono akulira chifukwa cha njala.

Hedda anapukuta maso ndi nkhono, analowa m'galimoto mwake, n'kutuluka ndi chisoti. Anandikankhira nacho pamimba.

"Ine sindikwera chifukwa choti iwe wanena. Mawu ako lero ndi opanda ntchito. Kwera ndiwe. Ukadutse pakona yomwe ija, kawiri. Ikakazima, bambo Kessel akaitenge komweko." Anatembenuka. "Mudikira, bambo?"

"Ngati pali khofi."

"Alamu, munthu sanakwere zaka zisanu ndi zinayi," anatero Ansgar.

"Si katswiri? Apite."

Jekete yanga yakale ili m'bokosi kudenga. Ndinkadziwa kuti siitsekeka, sindinadzivute. Ndinavala jekete yamvula ya Ansgar, nsapato zanga zakale zomwe zinakwanabe, magolovesi a Hedda, ndi chisoti chake chonunkhira mafuta a tsitsi omwe ine sindingagule. Potuluka pageti ndinatsala pang'ono kugunda bini. Mpaka kumanda ndinayenda ngati wophunzira.

Nditapitirira manda thupi linakumbukira. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji kuposa pamenepo. Chishalo chotsika chija chinkandipweteka mawondo, msana unkadandaula, jekete inkawomba ngati tenti. Koma ekizozi inali yanga yakale yomwe anabwezeretsa, ndipo mawu ake anali omwe aja. Ndinatsegula mafuta pachitunda, injini n'kukwera, n'kukwerabe, mpaka pamene imasintha mawu n'kuyamba kukukoka mapewa. Palibe ankandiitana. Palibe ankafuna madzi, sokosi kapena kupita kuchimbudzi.

Pamsewu wa ku Kelberg wokwera njinga wina anatulukira kutsogolo, n'kutsitsa dzanja lamanzere, zala ziwiri kuloza pansi, moni umene okwera amapatsana okhaokha. Zaka zisanu ndi zinayi palibe anandipatsapo moni umenewo. Ndinabweza, kenako ndinalira m'chisoti cha mwini, mamina osowa popukutira.

Pakona ya kumiyala panali mizere iwiri yakuda ya matayala a lole, yaitali kuposa nyumba yathu, yothera paudzu. Ulendo woyamba ndinadutsa pang'onopang'ono ndikuiyang'ana. Ndinaona pomwe Hedda anali, ndi pomwe lole inakaima. Mpata wake sukanakwana tebulo la m'khitchini. Ndinakatembenukira kutsogolo, n'kubwerera kudzadutsanso kachiwiri monga anandiuzira.

Mphindi makumi awiri zinadutsa. Makumi anayi. Sinatsamwe ngakhale kamodzi. Ndikanatha kubwerera pamenepo. Ndinapitirira mpaka ku Daun, ndipo sindinama kuti chinali chifukwa chofuna kutsimikiza.

Nditafika kunyumba galimoto yoyera inali itapita. Ansgar anali m'galaja akusesa pamalo posesa kale. Hedda anali atakhala pakhonde, Nele ali pamiyendo pake, jamu atapakika pabondo la zachikopa zoyera zija.

"Yazima?"

"Ayi."

Anatambasula dzanja. "Makiyi."

"Buleki yakumbuyo ikufunika..."

"Makiyi, Frauke."

Ndinapereka. Anali ofunda.

"Mnzanga wakuntchito ali ndi malo m'galaja mwake ku Koblenz," anatero. "Ndamuimbira uli kumsewu. Mawa tikamaliza mdipiti sindibwerera nayo kuno."

"Chabwino."

"Sunapepese n'komwe."

"Pepa, Hedda."

"Osati lero." Anandipatsa mwana n'kuimirira. Kabawuti kaja anakaika m'thumba la jekete n'kutseka zipi.

Mawa lake sindinapite kubwalo la tchalitchi. Ndinatuluka kukagula buledi, ndipo zinangochitika kuti mdipiti unatipeza pakona ya pabekale. Ilka anatseka makutu akudandaula phokoso. Nele anali m'chiuno, thumba la buledi kudzanja linalo. Njinga zinali zoposa mazana awiri, koma yanga ndinaimva isanatulukire n'komwe.

Hedda anali chapakati, woyera mbee, banga la jamu likadali pabondo. Sanatembenuze mutu. Koma atangotipitirira, dzanja lamanzere linatsika, zala ziwiri kuloza pansi. Mwina anali kupatsa wina kutsidya kwa msewu. Sindinafunse mpaka lero. Kubweza sindinathe, manja onse anali ndi katundu.

Pachitunda cha kumanda analowetsa giya yachitatu msanga. Ndinamva bwinobwino. Injini ija imafuna uidikire pang'ono, ikwere kaye. Ndinatsala pang'ono kukuwa pakati pa anthu. M'malo mwake ndinapukuta Nele mamina, ndinakoka Ilka pa mkono, n'kupita kunyumba kukaika mbatata pamoto.